Kusoka malaya a baseball pakhomo: yambani mwafunsa makina anu

Mwana wa achimwene anga anabwera ndi chithunzi pafoni. "Azakhali, ngati awa. Thupi loyera, manja ofiira." Ndinayang'ana, ndinaseka. Zidutswa zinayi zokha ndi kansalu ka pakhosi, chovuta n'chiyani pamenepa? Loweruka lomwelo ndinagula nsalu ya sikipa, ndinakhala pa makina anga opalasa, ndipo pomwe dzuwa linkalowa malaya anali atapachikidwa pachitseko. Mnyamata analowetsa mutu, tonse tinamva: thu, thu, thu. Ulusi wa pakhosi unaduka malo atatu makutu asanatuluke n'komwe. Anavula mwaulemu n'kunena kuti, "Ali bwino ndithu, azakhali," ndi mawu aja amene mwana amalankhula akamaopa kukhumudwitsa wamkulu.

Nsalu inalibe mlandu, kadulidwenso kanali kolondola. Ine ndinasankha malaya ndi maso, makina osawafunsa. Mutu wa munthu wamkulu umazungulira masentimita 56 mpaka 58, pamene khosi la sikipa limakhala locheperapo, mwina 45 kapena 50. Kuti mutu udutse, nsalu imatamuka. Msoko wowongoka wa makina opalasa sutamuka. Umangoduka. Choncho pa njira zonse zimene ndiziyerekeze pano, funso loyamba si lakuti mukufuna malaya ooneka bwanji, koma lakuti pakhomo panu pali makina otani.

Dzina limodzi, zovala ziwiri

Ku America, kwawo kwa baseball, masewera omenya kampira ndi ndodo, wosewera amavala malaya awiri mophatikiza, ndipo onse anthu amangowatcha a baseball. Pamwamba pamakhala jezi: mabatani kutsogolo, kolala palibe, khosi lotsikira pachifuwa, manja aafupi otakasuka, m'munsi mozungulira ngati shati yopisira, dzina la timu pachifuwa. Mkati mumakhala sikipa ya manja otsika kupitirira chigongono, osafika pamkono povala wotchi. Malamulo a Major League Baseball, ligi yaikulu ya masewerawa, amati mbali ya chovala chamkati imene ikuonekera kunja ikhale ya mtundu umodzi kwa osewera onse a timu. N'chifukwa chake manja ndiwo amatenga mtundu wa timu, thupi n'kungosiyidwa loyera kapena lotuwa, poti limabisika. Sikipa imeneyi itatuluka m'bwalo n'kuyamba kuvalidwa payokha, inatuluka ndi mitundu yake iwiri ija.

Anthu ambiri amaganiza kuti sikipa ndiyo yosavuta, jezi ya mabatani ndiyo ya akatswiri. Kwa munthu wa makina osoka msoko wowongoka okha, zili mosemphana. Mbiri yake imachitira umboni. Timu ya New York Knickerbockers itasankha yunifolomu yake yoyamba mu 1849, malaya ake anali a nsalu yoyera ya flannel, yowomba, yosatamuka. Kwa zaka zoposa 100 osewera ankathamanga padzuwa atavala flannel, yambiri ya ubweya wa nkhosa. Mpaka mu 1970 m'pamene Pittsburgh Pirates inabweretsa jezi ya nsalu yotamuka, yolowetsa pamutu. Ndiye kuti jezi ya Babe Ruth, wosewera wotchuka wa nthawi ya flannel, inali ya nsalu imene makina a Singer kapena Butterfly a agogo anu angasoke osadandaula.

Sikipa ya manja a raglan

Msoko wa dzanja lake suzungulira phewa ayi. Umachoka m'khwapa n'kukwera chopendekera mpaka pakhosi, kutsogolo ndi kumbuyo, moti dzanja ndi phewa zimakhala chidutswa chimodzi. Dzinali linachokera kwa Lord Raglan, msilikali wa ku Britain amene anaduka dzanja lamanja pa nkhondo ya ku Waterloo mu 1815. Akuti anamusokera jekete lotere kuti azivala mosavutika. Kwa wosoka, ubwino wake ndi wakuti palibe kulimbana ndi mutu wa dzanja, mbali yake yokhota ya paphewa, umene umakana kulowa pamalo pake. Musoka misoko inayi yopendekera ija, muika khosi, kenako msoko umodzi kuchokera kumapeto kwa dzanja kudutsa m'khwapa mpaka m'chiuno, mbali iyi ndi iyo, mupinda m'munsi, mwatha. Kwa munthu wamkulu, nsalu yotambalala masentimita 150 imafunika pafupifupi masentimita 80 a thupi ndi 70 a manja.

Ngati muli ndi makina amagetsi okhala ndi zigizagi, msoko wokhotakhota uja, njira iyi ndi yanu, ndipo ndi ya masana amodzi. Zigizagi ikhale yopapatiza, milimita imodzi kapena kucheperapo m'lifupi, 2.5 m'litali. Poyang'ana imaoneka ngati msoko wowongoka, koma ikakokedwa imalola. Muli ndi ovaloko ya ulusi unayi, makina osoka n'kumanga m'mphepete mwa nsalu nthawi imodzi, ndiye bwino kwambiri. Singano musagwiritse yomwe munasokera yunifolomu ya sukulu. Funani ya nsonga yobulungira, papaketi amalemba Jersey, Ballpoint kapena Stretch, saizi 75/11 kapena 80/12. Singano yakuthwa imadula timaulusi ta nsaluyo, ndipo tizibowo take timaoneka malaya atachapidwa kawiri katatu. Makina akayamba kudumpha, musathamangire kumasula zomangira. Sinthani kaye singano.

Nsalu ya sikipa si imodzi. Ija yopyapyala imene m'mbali mwake mumapindika mukangoidula imatopetsa woyamba kumene, chifukwa dzanja limodzi limakhala likuwongola pomwe lina likuyendetsa. Interlock, imene kumaso ndi kumbuyo kumaoneka chimodzimodzi, imagona phee patebulo. Pogula, gwirani masentimita 10 a nsalu chopingasa n'kukoka pa tepi. Ikafika pa 12 kapena 13 mosakakamiza, ikwanira thupi. Mukaisiya ibwerere pomwe inali. Imene yatsala yotamuka idzakupatsani malaya otambalala m'munsi ngati belu. Podula, kutamukako kuzungulire thupi, osati kutsika. Ndipo manja ndi thupi zikhale za kulemera kofanana, apo ayi yolemera imakoka yopepuka, msoko wopendekera uja n'kuchita mafunde.

Pakhosi ndi pamene sikipa yosoka pakhomo imadziwika. Kansalu kake, makamaka ka rib ka tinthiti kaja, kamayenera kufupikirapo kuposa khosi lenilenilo. Yezani khosi mutalumikiza manja, tepi itaima chammbali kuti itsate kupindika. Likakhala masentimita 50, dulani rib ya 42, kuonjezapo 2 a msoko, m'lifupi masentimita 5. Lumikizani ikhale mkombero, pindani pakati, gawani panayi ndi mapini, khosinso panayi. Apa ambiri amapusitsidwa ndi misoko ya raglan, poganiza kuti ndiyo magawo anayi aja. Si iyo. Khosi lakutsogolo ndi lalitali kuposa lakumbuyo, ndiye pezani pakati pa kutsogolo ndi pakati pa kumbuyo, ziphatikizeni, m'mbali mudzioneke mokha. Posoka kokani rib yokha, malaya asakokedwe. Chinanso: dzanja la raglan lili ndi kutsogolo ndi kumbuyo, mbali yakumbuyo ndiyo yaitali. Lembani ndi choko mukangodula. Ine ndinaphwasulapo msoko wathunthu usiku ndi tochi ya pafoni chifukwa chodzidalira.

Nanga wa makina opalasa asiyiretu? Osati kwenikweni. Misoko ya m'mbali ndi ya manja imapirira mukagwiritsa ulusi wa poliyesitala, n'kumakoka nsalu pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo kwa singano pamene mukusoka, kenako n'kubwereza mzere wachiwiri pafupi. Nsalu ikamamezedwa ndi mano a makina, ikani kachidutswa ka nyuzipepala pansi, mudzang'ambe pomaliza. Koma khosi ndi m'munsi musadzinamize. Khosi lipatseni mpata: ng'ambani kutsogolo masentimita 12 mpaka 15, muikepo mabatani atatu, mutu uzidutsa popanda kukoka kanthu. Kapena nyamulani malayawo mupite kwa atelala amene ali ndi ovaloko akakuikireni khosi lokha. Si manyazi.

Jezi ya mabatani pa nsalu yosatamuka

Iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo ndiyo ndingauze aliyense wa makina opalasa kuti ayambire. Imatenga nthawi, mwina masiku awiri kwa woyamba, koma palibe pamene nsalu imakuchitirani makani. Magetsi akazima inu mukupalasabe. Singano ndi wamba, 80/12 kapena 90/14. Nsalu zoyenera ndi poplin wokhuthalako, twill wopepuka, nsalu ya mashati ya mizere, flannel ya thonje ngati mukufuna ya mu June, ngakhalenso chitenje. Mizere yopyapyala yotsika ija, imene New York Yankees yakhala ikuvala pakwawo chaka ndi chaka kuyambira 1915, mungaipeze pa nsalu yofunda ya pabedi ya pakaunjika, ndipo imodzi imakwana jezi ndi zotsala.

Poti nsalu sitamuka, ufulu wa thupi umachokera ku kukula kwa malaya. Pa muyezo wa chifuwa onjezani masentimita 15 mpaka 20. Musachite mantha, jezi ya baseball yothina imaoneka ngati yunifolomu ya wogulitsa mu shopu. Kutalika ifike pakati pa matako, poti inapangidwa kuti izipisiridwa osatuluka munthu akamathamanga. Manja mungasankhe. Wamba, osokera paphewa, ndi osavuta kuno chifukwa phewa limatsika pang'ono ndipo mutu wa dzanja ndi wosakwera; mumalisokera malaya ali chitambalale, musanatseke m'mbali. Raglan pa nsalu yosatamuka imafuna kadati, kamsoko kotsina nsalu kuti igone, paphewa kapena msoko wotsika pamwamba pa dzanja, apo ayi nsalu imaima pakhosi ngati mapiko. Koyamba pitani ndi manja wamba.

Mtima wa jezi imeneyi uli pa mzere umene umachoka m'munsi, kukwera ndi mabatani, kupinda pachifuwa, kuzungulira kumbuyo kwa khosi n'kutsikanso mbali inayo. Pali njira ziwiri zoumalizira. Yoyamba ndi imene atelala amati fesing'i: kansalu kodulidwa motsata mzere womwewo, m'lifupi masentimita 6, kolimbitsidwa ndi Vilene wopepuka, nsalu yomata ndi simbi kuseri kwa inzake. Mumakasokera kumaso, n'kucheka timipata ndi nsonga ya sizasi mopindika monse koma osadula ulusi, n'kukatembenuzira mkati, kusita, n'kusokanso pamwamba masentimita 4 kuchokera m'mphepete. Mzere wa pamwambawo ndi umene umapatsa jezi nkhope yake. Pamenepo m'pamenenso pamagona kariboni ka mtundu wina kaja, ndipo kamabisa msoko ngati dzanja linanjenjemera. Riboni wamba wowongoka amakana kupinda pakhosi, amachita makwinya. Dulani bayasi, ndiye kuti nsalu yodulidwa chopendekera pakati pa m'litali ndi m'lifupi, masentimita awiri, pindani m'mbali zonse ndi simbi, ndipo musanaisoke ipindeni ndi simbi yomweyo itenge maonekedwe a khosi.

Yachiwiri ndi kungokulunga m'mphepete monse ndi bayasi ya mtundu wina. Imafulumira, imasunga nsalu, ndipo kwa mwana imakwana. Kuipa kwake ndi kwakuti mabatani amasowa pogwira. Nsalu imodzi yokha imang'ambika pabatani, ndiye mumayenerabe kuika kachidutswa kolimbitsa mkati. Pa malaya a munthu wamkulu ine ndimasankha fesing'i. Kumbukirani kuonjeza masentimita awiri kupitirira pakati pa chifuwa mbali zonse ziwiri kuti zipitirirane, kuphatikizapo ya msoko. Kwa amuna mabowo amakhala kumanzere kwa wovala, mabatani kumanja.

M'munsi mozungulira muja mumaoneka mophweka koma mumapotoka. Bambo wina wachikulire wosoka pakhonde la sitolo kwathu anandiona ndikulimbana namo, anati, "Mayi, musapinde ndi maso. Yambani mwayendetsa msoko umodzi, nsalu idziwe popindira." Amatanthauza kusoka mzere mamilimita 6 kuchokera m'mphepete nsalu isanapindidwe, kenako kupinda potsata mzerewo, kusita, kupindanso, n'kusoka. Ndinati, "Zikomo bambo," ndikukayika mumtima. Zinatheka ulendo woyamba. Mpendero ukhale waung'ono. Waukulu sungagone pokhota.

Za chitenje ndinenepo maganizo anga, ena adzatsutsa. Chitenje cha mamita awiri, chotambalala pafupifupi masentimita 115, chimakwana jezi ya munthu wochepa thupi movutikira, ndipo maluwa akakhala aakulu amadukira pamabatani, theka kukwera theka kutsika. Kuti agwirizane pamafunika zitenje ziwiri. Komanso chitenje thupi lonse, malaya amasiya kuoneka a baseball, amangokhala shati ya chitenje yopanda kolala. Chimene chimaoneka bwino kwa ine ndi thupi la mtundu umodzi, chitenje n'kupita pa manja, pa bayasi ya pakhosi ndi pa nambala. Chichapeni kaye. Chimabwera cholimba ndi sitachi, chimachepa chikalowa m'madzi, ndipo china chimachucha. Nyikani kachidutswa m'madzi a sopo pamodzi ndi kansalu koyera musanayerekeze kuchisoka pa thupi loyera. Zomwezonso ndi manja ofiira a sikipa ija.

Poliyesitala ngati ya osewera a lero

Matimu anabwerera ku mabatani kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, koma ku ubweya sanabwerere. Jezi za lero ndi za poliyesitala yotamuka, ina ya tizibowo. Imauma msanga, sikwinyika, ndipo ngati mukusokera timu ya sukulu imene izichapa madzulo n'kuvala m'mawa, ili ndi malo ake. Pakhomo ndiyo njira imene sindilimbikitsa. Yaphatikiza mavuto a njira ziwiri zija: imafuna singano ndi msoko wa nsalu yotamuka, komanso fesing'i ndi mabowo a mabatani, pa nsalu yoterera imene mapini amangogwa. Simbi yamakala ndi mdani wake, kakhala kamodzi kakagwera pamenepo ndi bowo, ndipo ngakhale yamagetsi ikatentha kwambiri imasiya chipsera chonyezimira chosachoka. Popanda ovaloko musayambe. Ndipo muganizirenso za kuivala mu October ku Chikwawa.

Kuphwasula za pakaunjika

Njira iyi ndimaiika pafupi kwambiri ndi ya jezi ya nsalu yosatamuka, mwinanso pamwamba pake kwa amene akuphunzira, chifukwa ntchito yovuta ija fakitale inakugwirirani kale.

Mukafuna sikipa, sankhani masikipa awiri aakulu, XL kapena XXL, amitundu yosiyana koma nsalu yofanana kulemera. Ayang'anitseni padzuwa kuti muone tizibowo, onani m'khwapa, onaninso ngati misoko ya m'mbali sinapotokere kutsogolo. Yoyamba ipereka thupi: ikani patani, pepala lodulirapo, moti mpendero wake wakale ukhale mpendero wa malaya atsopano. Yachiwiri ipereka manja, limodzi kuchokera kutsogolo kwake, lina kumbuyo, ndipo mpendero wake wa m'munsi ukhala kumapeto kwa manja. Ndiye iyeneranso kukhala yopanda zolemba pachifuwa, zimene pakaunjika zimafuna kuleza mtima pofukula mulu. Rib ya pakhosi imasuleni bwinobwino, muifupikitse, muibwezere. Mwaona kuti mipendero yonse itatu, imene makina opalasa sakanaitha, yabwera yosokedwa kale ndi makina a kufakitale. Latsala khosi lokha.

Mukafuna jezi ya mabatani, funani shati yachimuna yaikulu kuposa wovalayo ndi masaizi awiri. Mabatani alipo, mabowo alipo, m'munsi ndi mozungulira kale. Masulani kolala yonse ndi kansalu koiimiritsa, jambulani khosi latsopano lotsikira pamwamba pa batani lachiwiri, dulani, kulungani ndi bayasi, fupikitsani manja pamwamba pa chigongono, muikepo mizere iwiri ya mtundu wa bayasi ija. Maola atatu akwana. Thumba la pachifuwa mukalichotsa pamatsala tizibowo ta singano, nthawi zina ndi chigamba cha mtundu wosasuluka. Musadandaule, pamenepo m'pamene pakhale chilembo. Detroit Tigers imavala D mmodzi yekha pachifuwa kumanzere, Yankees NY pamalo omwewo. Chimene simungabise ndi msoko wopingasa wa kumsana uja ndi mabatani aang'ono oyandikana. Wodziwa adzazindikira kuti inali shati. Pa mwana kapena pa malaya ongoyendera, zilibe kanthu.

Patani muitenga kuti

Kujambula pa chovala chimene chimakukwanani kale ndiyo njira imene sinandigwiritsepo mwala. Pindani sikipa pakati, igonekeni pa pepala la khaki, jambulani kutsogolo, kumbuyo ndi dzanja. Kuti isanduke raglan, lembani mzere kuchoka m'khwapa kufika pakhosi, masentimita 4 kutsika kuchokera pa msoko wa phewa kutsogolo, atatu kumbuyo. Dulani tizidutswa ta phewa timeneto, timateni kumutu kwa dzanja, kakutsogolo mbali yakutsogolo, kakumbuyo mbali yakumbuyo, salazani mizere, onjezani sentimita imodzi ya msoko paliponse pamene mwadula. Koma patani ya sikipa musadulire nsalu yosatamuka. Ya jezi jambulani pa shati yotakasuka.

Mapatani a pa intaneti ndi abwino pa kupindika kwa fesing'i, kumene kumavuta kujambula ndi dzanja. Vuto limakhala posindikiza. Ambiri a malaya amenewa ndi ochokera ku America, kumene pepala lawo la Letter ndi lalifupi ndi lotambalala pang'ono kuposa A4, ndipo wosindikiza akalola kompyuta kukwanitsa chithunzi papepala, patani yonse imachepa. Muuzeni asindikize pa 100 peresenti, ayambe ndi tsamba lokhala ndi kabokosi koyezera, muyeze ndi tepi muli pomwepo. Inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Zilembo, manambala ndi mabatani

Manambala a kumsana anakhazikika mu 1929, pamene Yankees ndi timu ya ku Cleveland zinayamba kuwavala. Ku Yankees ankatsata ndondomeko yomenyera mpira, n'chifukwa chake Babe Ruth anali 3, Lou Gehrig 4. Maina a osewera anabwera mochedwa, mu 1960, ndi Chicago White Sox, ndipo Yankees mpaka lero siika dzina kumsana. Ndiye wina akakuumirizani dzina la zilembo 11, muli ndi poyankhira. Lamulo la ligi limati nambala isachepere mainchi 6, omwe ndi masentimita 15; pa munthu wamkulu 20 amaoneka bwino.

Jezi zenizeni zimakhala ndi zilembo za twill zosokedwa m'mbali ndi zigizagi yothinana. Muli ndi zigizagi, chitani zomwezo: matani Vilene kumbuyo kwa nsalu musanadule chilembo, m'lifupi mwa msoko mamilimita atatu. Mulibe, bwererani ku nzeru za nthawi ya flannel, pamene zilembo zambiri zinali za felt, nsalu yosasosoka m'mbali, imene msoko wowongoka umaigwira bwinobwino. Felt ikasowa, nsalu ya sikipa yakale yomatidwa Vilene nayonso sisosoka. Zomata ndi moto zija zimafulumira ndipo zimatuluka zaudongo, koma zimafuna kutentha koyezedwa, pafupifupi madigiri 150, ndi kupsinja kofanana paliponse. Pitani nazo kwa osindikiza masikipa, simbi ya pakhomo imamata pakati n'kusiya m'makona. Pa poliyesitala yofiira, zilembo zoyera zomata zimatha kusanduka zapinki pakapita masiku, utoto wa nsalu ukalowerera. Penti ya nsalu ndi pepala lobowola ndiyo yotchipa, imakhalitsa pa thonje, koma dzanja likhale lodekha. Ngati mukusoka zogulitsa, lembani dzina la mudzi wanu, la banja kapena la kwaya. Zizindikiro za matimu a ku America zili ndi eni ake mwalamulo.

Zilembo sokani malaya asanatsekedwe m'mbali. Dzina lodutsa pachifuwa chonse limafuna kuti mutseke kaye kutsogolo ndi mapini monga mmene mabatani adzatsekere, mugoneke dzinalo, muone chilembo chimene chagwera pampata. Chisunthireni kuti mpata udutse pakati pa zilembo ziwiri, zikakanika chiduleni, theka lapansi mulionjezere pang'ono kuti malaya akayasamula pasaoneke pong'ambika. Mukayang'anitsitsa jezi yeniyeni mudzaona kuti mabatani sanatalikirane mofanana: awiri apamwamba ali pafupi, kenako pali danga lalikulu kuti dzina lidutse popanda batani pakati pa chilembo. Ndiye malo a mabatani muwalembe zilembo zitakhala kale. Asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri amakwana.

Mabowo ndiwo amaopsa ambiri a makina opalasa. Pali kachipangizo kakale ka Singer komangirira pamalo pa kaphazi, kamene kamagwedeza nsalu uku ndi uku n'kusoka bowo pa makina owongoka. Mukakapeza kwa okonza makina, gulani. Mabatani ongodina aja amapulumutsa pa malaya a ana, koma pa nsalu yopepuka amazuka ndi nyama yake ngati simunalimbitse mkati. Apo ayi sokani pamanja ndi ulusi wophatikiza, madzulo awiri mutakhala pakhonde. Kutalika kwa bowo ndi kukula kwa batani kuonjezapo mamilimita atatu. Yesani kaye pa chidutswa chokhala ndi fesing'i ndi Vilene ngati malaya enieniwo. Bowo losokedwa ndi makina limachekedwa pomaliza, ndipo musanalowetse lezala bayani pini chopingasa kumapeto kwake, lezala likatsetsereka liime pamenepo.

Mnyamata uja ndinamusokera ina patapita milungu iwiri, ya mabatani, kuchokera pa nsalu ya pabedi yoyera ya mizere yabuluu, bayasi yofiira pakhosi. Anapempha nambala 88. Ndinawerenga mokhota monse mmene singano iyenera kudutsa, kunja ndi mkati mwa timabowo tinayi, pa makina opalasa. Anavala 17.